Kuchotsa mimba yaikulu: otsutsa tiwayeze ndi ntchito zawo

Chisankho chikamayandikira ku America, nkhani yochotsa mimba imakambidwa ngati kuti amayi onse amadikira mwezi wachisanu ndi chinayi. Pa mtsutso wa pa TV mu Okutobala 2016 ku Las Vegas, Donald Trump ananena kuti Hillary Clinton amalola kuti mwana asololedwe m'mimba kutatsala masiku ochepa kuti abadwe. Mu 2024 anabwerezanso, n'kuwonjezera kuti makanda ena amaphedwa atabadwa kale, chonsecho umenewo ndi mlandu wakupha munthu m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Ziwerengero za CDC, bungwe la boma loona za matenda, zikunena zina. Mu 2021, pa mimba 100 zilizonse zimene zinachotsedwa, 93 zinali zisanapitirire masabata 13, pafupifupi 6 zinali pakati pa masabata 14 ndi 20, ndipo imodzi yokha inali ya masabata 21 kapena kuposa. Ngakhale m'kagulu kameneko, zochuluka ndi za masabata 21 mpaka 24, osati 36.

Imodzi pa 100 si yonyozeka m'dziko limene mimba pafupifupi 1 miliyoni zimachotsedwa pachaka. Ndi mimba masauzande angapo, ndipo pofika pamenepo mwana amakhala ali ndi nkhope ndi zala, akugunda moti mayi amamumva. Amene mtima umamupweteka akamva zimenezi sakulakwitsa, ndiponso si wotsutsa aliyense amene ali ndi kampeni kumphasa. Koma za mumtima mwa munthu sitingazione. Chimene tingaone ndi malamulo amene akulemba ndi ndalama zimene akukana kutulutsa. Wofunadi kuti mimba zazikulu zisamachotsedwe ayenera kudana ndi chilichonse chochedwetsa mayi. Andale ambiri ofuula za mwezi wachisanu ndi chinayi ndi omwewo amene amatsekereza mayi pa sabata ya 6, ndipo iwowa ndi amene ndili nawo mlandu.

Chimafikitsa mayi pa sabata ya 22 n'chiyani? Madokotala amawerenga mimba kuyambira tsiku loyamba la kusamba komaliza, choncho mayi akamazindikira kuti wadumpha mwezi, papepala mimbayo imakhala itakwana kale masabata 4 kapena 5. Sikani younika ziwalo za mwana chimodzichimodzi imachitika pakati pa masabata 18 ndi 22, chifukwa nthawi imeneyo isanakwane zipinda za mtima, impso ndi ubongo zimakhala zazing'ono zosaoneka bwino. Wojambula akaona chokayikitsa sagamula yekha. Amatumiza mayi kwa katswiri, ndipo pamadutsa masiku angapo kapena sabata. Katswiriyo amajambulanso, mwina kuitanitsa dokotala wa mitima ya ana, kenako amabaya singano yaitali pamimba n'kutapa madzi ozungulira mwana, pafupifupi mamililita 20, kuti akayezedwe ku labotale. Zotsatira zoyamba zimatuluka pakatha masiku atatu, koma zonse zimatha kutenga masabata awiri. Werengani nokha: sikani pa sabata ya 20, katswiri pa 21, zotsatira pa 23. Banja lisanakhale pansi n'komwe kuti lilire ndi kuganiza, malire a lamulo afika kapena adutsa kale.

Zimene zimapezeka pa sikaniyo nthawi zina zimakhala zopanda mankhwala. Pali mwana amene alibe chigaza cha pamwamba ndi mbali yaikulu ya ubongo, vuto lotchedwa anencephaly, amene amabadwa wakufa kapena amatsirizika m'maola kaya masiku ochepa. Pali amene alibe impso zonse ziwiri. Poti madzi ambiri ozungulira mwana ndi mkodzo wake womwe, madziwo sakhalapo, mapapo sakula, ndipo akabadwa amalephera kupuma. Pali matenda obadwa nawo otchedwa trisomy 13 ndi trisomy 18, pamene ana ambiri amafera m'mimba ndipo ambiri mwa obadwa amoyo safika chaka.

Kumbali ya mayi, choopsa kwambiri ndi nsupa kusweka pa sabata ya 17, 18 kapena 20. Madzi akataika, tizilombo timakwera kuchokera kunjira ya abambo n'kulowa m'chiberekero. Thupi limatentha, mtima umathamanga, kumaliseche kumatuluka zonunkha, ndipo m'maola ochepa matendawo amatha kulowa m'magazi. Maantibayotiki okha sakwanira ngati gwero lake lidakali m'chiberekero. Chinanso ndi BP ya pamimba ikafika pa 160/110, mkodzo uli ndi puloteni, chiwindi ndi impso zitayamba kufooka. Magnesium sulphate amaletsa kukomoka, koma matendawo amatha pokhapokha nsengwa itatuluka. Zimenezi zikachitika pa sabata ya 30, dokotala amatulutsa mwana wamoyo n'kumupititsa ku nazale, ndipo palibe amene amati wachotsa mimba. Zikachitika pa sabata ya 20, ntchito ya manja ndi yomweyo, koma mwanayo sangakhale moyo, ndipo m'zigawo zina dokotalayo amayamba kuganiza za ndende.

Omenyera ufulu wochotsa mimba amakonda kulekezera pamenepa, ngati kuti mimba zonse zazikulu zimachotsedwa chifukwa cha ngozi zoterezi. Si zoona, ndipo akamabisa amangopatsa mphamvu adani awo. Mu 2013 Diana Greene Foster ndi Katrina Kimport a ku yunivesite ya California ku San Francisco anafufuza amayi amene anafuna kuchotsa mimba ya masabata 20 kapena kuposa pa zifukwa zosakhudza matenda. Ambiri anali achitsikana, olera ana okha, okhala ndi amuna ankhanza, kapena ovutika ndi matenda a maganizo ndi mankhwala ozunguza bongo. Zowachedwetsa zinali zodziwikiratu: kuzindikira mimba mochedwa, kusaka ndalama, kusowa chipatala chochita ntchitoyi.

Za ndalamazi n'zofunika kuziona pafupi. M'masabata oyambirira mtengo umakhala madola 500 mpaka 700. Pofika sabata ya 20 umayandikira 2,000, ndipo m'miyezi itatu yomaliza kawirikawiri umapitirira 10,000, kupatulapo ndege ndi malo ogona, chifukwa zipatala zochita zimenezi n'zowerengeka m'dziko lonselo. Kuyambira 1976 lamulo la Hyde limaletsa ndalama za boma lalikulu za Medicaid, inshulansi ya anthu osauka, kulipirira kuchotsa mimba, kupatula pa zifukwa zochepa, zimene lero ndi moyo wa mayi, kugwiriridwa ndi chigololo cha pachibale. Ndiye mayi wosauka amasonkhanitsa madola 600 kwa masabata atatu, akafika n'kumuuza kuti mimba yakula ndipo mtengo wakwera. Abwerera kukakongola kwina, mimba ikukulabe. Zigawo ngati Utah ndi Missouri zinawonjezerapo lamulo loti adikire maola 72 pambuyo pa uphungu. Kwa wokhala kutali, kudikira kumeneko kukafuna maulendo awiri kumatanthauza kujomba kuntchito kawiri popanda malipiro ndi kusaka wosiyira ana kawiri.

Kachitidwe kake sindikubisa, chifukwa wobisa zimenezi alibe chonena kwa otsutsa. Pakati pa masabata 14 ndi 24, ku America amagwiritsa ntchito kwambiri njira yotchedwa D&E. Tsiku loyamba amalowetsa kukhomo la chiberekero timitengo touma ta chomera cha m'nyanja chotchedwa laminaria. Timayamwa madzi n'kufufuma usiku wonse, n'kumatsegula khomolo pang'onopang'ono kuti lisang'ambike. M'mawa mwake mayi amagonekedwa ndi mankhwala, dokotala n'kutulutsa mwana ndi nsengwa ndi chopopera komanso zopanira, akuyang'ana pa sikani. Mwanayo satuluka wathunthu. Njira ina ndi yoyambitsa kubereka m'chipatala ndi mankhwala: mifepristone kaye, kenako misoprostol patapita tsiku limodzi kapena awiri, mayi n'kubereka. Ku Britain, bungwe la madokotala a amayi la RCOG limalangiza kuti kuyambira cha pa sabata ya 22 ayambe abaya jakisoni woimitsa mtima wa mwana, kawirikawiri wa potassium chloride, kuopa kuti angabadwe wamoyo n'kuvutika. Mimba ikapitirira pamenepo ntchito yonse imatenga masiku atatu kapena anayi.

Zolakwika zake ndi kutaya magazi ambiri, nsengwa kutsalira, chiberekero kubooka, kapena kung'ambika pachipsera cha opaleshoni yakale. Kafukufuku wa imfa za ku America kuyambira 1988 mpaka 1997 anapeza kuti pa masabata 8 kapena kucheperapo amamwalira mayi mmodzi pa 1 miliyoni, koma pa masabata 21 kapita m'tsogolo amamwalira pafupifupi 9 pa 100,000, ndipo chiopsezo chimakwera ndi 38 peresenti sabata iliyonse. Palibe mayi amene angasiye mapiritsi a pa sabata ya 7 n'kusankha dala masiku anayi oterewa, ndalama zikumutheranso.

Mfundo za otsutsa oona mtima n'zolemera. Yoyamba ndi yoti mwanayo akanatha kukhala moyo kunja kwa mimba. Zigamulo za Khoti Lalikulu la America, cha Roe v. Wade cha 1973 ndi cha Casey cha 1992, zinaika malire pamenepo. Mu 1973 malirewo anali cha pa masabata 28, koma lero atsika. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022 m'zipatala zikuluzikulu za ku America anasonyeza kuti ana obadwa pa masabata 22 amene anapatsidwa chisamaliro chonse, 30 pa 100 anapulumuka, ndipo pa masabata 23 anapulumuka oposa theka, ngakhale ambiri amatsala ndi mavuto a mapapo, maso kapena ubongo. Curtis Means wa ku Alabama anabadwa mu 2020 pa masabata 21 ndi tsiku limodzi, akulemera magalamu 420, ndipo anakhala moyo. Wotsutsa akafunsa kuti zikutheka bwanji chipatala chimodzimodzi kulimbana ndi moyo wa khanda la masabata 23 m'chipinda china pamene m'chipinda chinzake akuimitsa mtima wa mnzake wa msinkhu womwewo, funsolo silithawika. Ine ndikuvomereza kuti pamafunika malire, ndipo mimba yathanzi ya mayi wathanzi ikafika pamenepo boma lili ndi chonena.

Komatu malire amenewa amadalira makina ndi chuma. Kuno ku Malawi achipatala amawerengera masabata 28. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre makanda obadwa masiku asanakwane amapulumutsidwa ndi kangaroo komanso kamakina kothandiza kupuma ka Pumani, kamene kanapangidwa mogwirizana ndi yunivesite ya Rice, koma khanda la masabata 23 limafuna makina opumira, mankhwala okhwimitsa mapapo ndi namwino wakewake kwa miyezi inayi. Mwana wa masabata 23 ku Alabama ndi wa ku Nsanje ndi ofanana, chosiyana ndi nazale.

Mfundo yachiwiri ndi ya ululu. RCOG inanena mu 2010 kuti mwana samva ululu masabata 24 asanakwane, chifukwa mitsempha yolumikiza mbali za ubongo zomvera ululu imakhala isanafike, ndipo mu 2022 inati n'zokayikitsa masabata 28 asanakwane. Mu 2020 Stuart Derbyshire, katswiri amene amavomereza ufulu wochotsa mimba ndipo kale ankatsutsa za ululuwu, analemba ndi John Bockmann kuti mwina ululu wina ungamveke kuyambira sabata ya 12. Akatswiri sanagwirizane. Koma wodandaula ndi ululu yankho lake lapafupi ndi mankhwala oletsa ululu, ndipo Utah inakhazikitsa lamulo lotero mu 2016. Zigawo zina zambiri, kuyambira ndi Nebraska mu 2010, zinangotenga nkhani ya ululu ngati chifukwa choletsera pa sabata ya 20, sabata yomwe ija ya sikani.

Yachitatu imachokera kwa anthu aulumali. Ku Britain malire ndi masabata 24, atatsitsidwa kuchoka pa 28 mu 1990, koma mwana akapezeka ndi ulumali waukulu lamulo limalola mpaka kubadwa, ndipo silitchula kuti ulumali waukulu ndi uti. Heidi Crowter, mayi amene anabadwa ndi ulumali wotchedwa Down syndrome, anakasuma kuti lamuloli limauza anthu ngati iye kuti moyo wawo ndi wotsika. Mlanduwo sunamukomere mu 2021, ndipo apilo yake inakanidwa mu 2022, koma mfundo yake ndi yomveka. Kuika m'thumba limodzi mwana wopanda ubongo ndi mwana wa Down, amene angaphunzire, kugwira ntchito ndi kukwatira, ndi ulesi wa olemba malamulo. Palinso nkhani ya dokotala wochotsa mimba Kermit Gosnell wa ku Philadelphia, amene mu 2013 anapezeka wolakwa pa kupha makanda atatu obadwa amoyo komanso pa imfa ya mayi mmodzi. Chipatala chake chinakhala zaka zoposa 15 osayenderedwa ndi boma. Otsutsa akamamutchula sakunama. Amangosiya kunena kuti amene ankapita kwa iye anali amayi osauka, osowa kwina kolowera.

Anthu wamba ku America amaona kusiyana kumeneku. Kafukufuku wa Gallup wa 2023 anapeza kuti 69 pa 100 amavomereza kuchotsa mimba m'miyezi itatu yoyamba, 37 m'miyezi itatu yapakati, ndipo 22 okha m'miyezi itatu yomaliza. Wandale wofuna kuletsa zonse amadziwa kuti akayamba ndi sabata ya 6 anthu amuthawa, choncho amayamba ndi mwezi wachisanu ndi chinayi.

Taonani lamulo la 2003 limene George W. Bush anasainira, loletsa njira imodzi yotulutsira mwana wathunthu, limene Khoti Lalikulu linavomereza mu 2007 pa mlandu wa Gonzales v. Carhart ndi oweruza 5 kwa 4. Lamulolo silinaletse kuchotsa mimba ya msinkhu uliwonse. Linangoletsa njira imodzi n'kusiya D&E wamba, ndiponso linalibe mpata woteteza thanzi la mayi. Madokotala ambiri anangoyamba kubaya jakisoni woimitsa mtima asanayambe ntchito, kuti asagwidwe ndi lamulo. Phindu lake lenileni linali zithunzi zimene zinaonetsedwa m'Nyumba ya Malamulo ndi pa TV kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Zolinga zinaonekera poyera pa 24 Juni 2022, pamene chigamulo cha Dobbs chinafafaniza Roe. Mlanduwo unali wa lamulo la Mississippi la masabata 15, ndipo anthu ankauzidwa kuti akungofuna kufanana ndi mayiko a ku Ulaya. Pasanathe milungu iwiri, Mississippi yomweyo inaletsa pafupifupi mimba zonse kuyambira pachiyambi. Zigawo zoposa 10 zinachita chimodzimodzi, ndipo Georgia, South Carolina, Florida ndi Iowa zinaika malire pa masabata 6, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Zotsatira zake n'zosachita kufunsa: mayi wa ku Texas kapena Louisiana tsopano ayenera kupeza tchuthi, ndalama ya ulendo ndi malo pamzere wa chipatala cha ku New Mexico kapena Illinois. Sabata iliyonse yotayika pamenepo ikumukankhira ku mimba yaikulu yomwe ija ankati akudana nayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku Colorado kunayesedwa njira yodziwika bwino yochepetsera kuchotsa mimba. Kuyambira 2009 atsikana ndi amayi osauka ankalandira lupu ndi mapulanti aulere, ndipo m'zaka zochepa mimba za achinyamata komanso kuchotsa mimba pakati pawo zinatsika ndi pafupifupi theka. Ndalama za wopereka thandizo zitatsala pang'ono kutha mu 2015, aphungu a chipani cha Republican mu Senate ya chigawocho anakana kuti boma lipitirize kulipira. Munthu wokonda moyo wa mwana wosabadwa akanayenera kukhala woyamba kukweza mkono.

Muyeso waukulu ndi wa mipata ya lamulo. Lamulo la Texas limaopseza dokotala ndi ndende mpaka moyo wake wonse, chindapusa chosachepera madola 100,000 ndi kulandidwa chiphaso, koma mawu ake onena za ngozi ya mayi anali osamveka. Mu 2022 Amanda Zurawski nsupa yake inasweka pa sabata ya 18. Madokotala anamuuza kuti mwanayo sapulumuka, koma poti mtima unali kugundabe, sakanachita kanthu. Patapita masiku atatu matenda analowa m'magazi, anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo anatuluka ndi zipsera m'chiberekero. Mu Disembala 2023 Kate Cox, amene mwana wake anali ndi trisomy 18 ndipo iye anali atachitidwa kale maopaleshoni awiri pobereka, analoledwa ndi woweruza kuchotsa mimbayo, koma mkulu wa zamalamulo m'chigawocho, Ken Paxton, analembera zipatala makalata oziopseza, khoti lalikulu la Texas n'kuimitsa chilolezocho. Anachita kupita kuchigawo china. Aphungu a Texas anadzakonza mawu a lamulolo mu 2025, amayi atavutika zaka zitatu. Zoterezi zinali zitaoneka kale kwina. Savita Halappanavar anamwalira ku Galway, m'dziko la Ireland, mu Okutobala 2012 pa sabata ya 17, madokotala akudikira kuti mtima wa mwana uime, ndipo imfa yake inathandiza kuti anthu a ku Ireland asinthe malamulo awo pa riferendamu ya 2018. Ku Poland, khoti litachotsa mpata wa ulumali wa mwana mu 2020, mayi wina anamwalira mofananamo m'tauni ya Pszczyna mu 2021 pa sabata ya 22.

Nanga ana amene anakakamizidwa kubadwa aja? Kafukufuku amene anatuluka mu 2024 anapeza kuti imfa za makanda ku Texas zinakwera ndi pafupifupi 13 peresenti kuchoka mu 2021 kufika mu 2022, pamene m'zigawo zina zonse zinakwera ndi zosakwana 2 peresenti, ndipo imfa zobwera ndi ulumali wobadwa nawo zinakwera ndi pafupifupi 23 peresenti. Ambiri mwa ana amenewa lamulo silinawapulumutse. Linangosintha malo ofera, mayi n'kusenza mimba miyezi ina inayi akudziwa kuti akukonzekera maliro.

Tchalitchi cha Katolika pankhaniyi sichinasinthe mawu: chimati moyo umayamba mimba ikangoima, choncho sabata ya 5 ndi ya 35 n'chimodzimodzi. Mungatsutsane nacho, koma sichikunamizani. Mbiri ya ena ndi yosiyana. Mu 1971 msonkhano waukulu wa mpingo wa Southern Baptist unapempha malamulo olola kuchotsa mimba pa kugwiriridwa, pa ulumali waukulu wa mwana ndi pa thanzi la mayi. Pofika 1980 unali utatembenuka, nthawi yomwe akadaulo a ndale ngati Paul Weyrich ankasonkhanitsa Akhristu achievanjeliko kuti akhale mavoti a chipani cha Republican. Izi sizikutanthauza kuti mkhristu wa pabenchi ndi wachinyengo. Zikungosonyeza kuti chikumbumtima chake chinapezeredwa ntchito ina. Ndipo mawu oti madokotala ndi zigawenga zopha makanda ali ndi mtengo wake: George Tiller, mmodzi mwa madokotala ochepa amene ankachotsa mimba zazikulu, anawomberedwa m'tchalitchi chake ku Wichita pa 31 Meyi 2009, akulandira anthu pakhomo Lamulungu m'mawa.

Ndale zimenezi zimafika mpaka kuno. Lamulo la Mexico City, limene Ronald Reagan anayambitsa mu 1984, limadula thandizo la America ku mabungwe akunja amene amachita kapena kulangiza za kuchotsa mimba, ngakhale atagwiritsa ntchito ndalama zawo. Pulezidenti wa Democratic akalowa amalichotsa, wa Republican amalibwezeretsa, ndipo Trump analibwezeretsanso mu Januwale 2025. Kafukufuku wa mu 2019 wa mayiko 26 a kum'mwera kwa Sahara anapeza kuti nthawi imene lamuloli linkagwira ntchito, kuchotsa mimba kunakwera ndi pafupifupi 40 peresenti m'mayiko odalira kwambiri thandizolo, chifukwa mabungwe omwewo ndi amene amagawa njira zolera.

Malamulo olembedwa ndi anthu ofunadi kuchepetsa mimba zazikulu amakhala otsegula pachiyambi ndi othina kumapeto, mipata yake ili yomveka ndipo ogamula ali madokotala. Ku France mayi amasankha yekha mpaka masabata 14, boma n'kulipira zonse, ndipo kupitirira apo gulu la akatswiri ndi limene limavomereza pa zifukwa za matenda. Ku South Africa lamulo la 1996 limalola mayi kusankha mpaka masabata 12, pa zifukwa zotchulidwa mpaka 20, ndipo kupitirira 20 pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi kapena mwana ali ndi vuto lalikulu, dokotala atagwirizana ndi dokotala mnzake kapena mzamba. Mozambique mu 2014 inaika masabata 12, kenako 16 pa kugwiriridwa ndi 24 pa ulumali wa mwana.

Ku Malawi ndime 149 mpaka 151 za malamulo a milandu zimapereka zaka 14 kwa wochotsa, 7 kwa mayi ndi 3 kwa wogulitsa zipangizo, ndipo ndime 243 imalola opaleshoni yopulumutsa moyo wa mayi. Chonsecho kafukufuku wa bungwe la Guttmacher la ku America ndi College of Medicine anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno. Bilu yochokera ku lipoti la Law Commission inakanidwa ngakhale kungokambidwa mu Malichi 2021, pamene phungu Matthews Ngwale anafuna kuibweretsa m'Nyumba ya Malamulo. Ikadzabweranso, mbali zonse ziwiri zidzafunika kuyang'ana nkhani ya masabata, chifukwa kwathu kuno ndi yovuta kuposa ku America. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti mayi mmodzi yekha pa anayi amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. WHO imalangiza sikani imodzi masabata 24 asanakwane, koma m'zipatala zambiri zazing'ono msinkhu wa mimba umayezedwa ndi tepi pamimba ndi kukumbukira kwa mayi, njira zimene zimatha kuphonya ndi masabata awiri kapena atatu. Bilu ija inaika malire a masabata 16 kwa wogwiriridwa, pamene mtsikana wa zaka 13 amene wachimwitsidwa ndi wachibale kawirikawiri amadziwika yunifomu itayamba kuthina, mimba ili ndi miyezi isanu. Phungu woika nambala ya masabata m'lamulo ayenera kunenanso kuti sikani yoyezera masabatawo idzakhala pachipatala chiti, adzaigwiritsa ntchito ndani, ndipo mtsikana wofika pa sabata ya 19 adzamutumiza kuti.